Phunziro 9: Kusunga Zikumbutso za Banja

SABATA MASANA

Ndime Yoloweza: Yoswa 4:6, 7.

Mfundo Yaikulu: Chikumbutso chimagwira ntchito yake pokhapokha chitasungidwa bwino, ndiponso pakakhala munthu wodziwa kufotokozera ana tanthauzo lake.

M'nyumba zambiri za abale ndi alongo muli sutikesi yakale, kapena bokosi lachitsulo, limene limakhala pansi pa bedi ndipo silitsegulidwa kawirikawiri. M'menemo mumapezeka chithunzi cha ukwati wa agogo, satifiketi ya ubatizo, makalata amene bambo ankalemba ali ku migodi ya ku Joni, pulogalamu ya mwambo wa maliro, khadi ya kusikelo ya mwana wachisamba, ndi Baibulo lothothoka chikuto, limene patsamba lake loyamba panalembedwa maina a ana ndi masiku a kubadwa kwawo. Pamsika palibe angapereke ndalama pa zinthu zimenezi. Koma zikatayika, palibenso sitolo imene ingatigulitse zina.

Zinthu ziwiri zikutha nthawi imodzi. Mapepala akufwifwa ndi kufumbwa, ndipo okalamba amene amadziwa maina a anthu a pazithunzizo akugona tulo ta imfa mmodzimmodzi. Sabata ino tiona chimene Malemba amaphunzitsa za zikumbutso, ndiponso mmene foni ndi kompyuta zingatithandizire kusunga umboni wa njira imene Mulungu watsogolera nayo mabanja athu.

SANDE: Miyala ya ku Giligala

Werengani Yoswa 4:1-9, 19-24. Kodi miyalayo inachotsedwa kuti? Nanga inaimikidwa chifukwa cha yani?

Aisrayeli atawoloka Yordano pouma, Yehova analamula kuti amuna khumi ndi awiri, mmodzi wa fuko lililonse, asenze miyala kuchokera pakati pa mtsinjewo. Yoswa anaiimika ku Giligala. Miyalayo sinali ya mtengo wapatali, ndipo sitiwerenga kuti panalembedwa mawu alionse. Ntchito yake inali kudzutsa funso mumtima wa mwana, kuti kholo lipeze mpata woyankha. Popanda yankho limenelo, mulu wa ku Giligala ukadangokhala ngati mulu wina uliwonse wa m'mbali mwa njira.

Yerekezerani ndi Oweruza 2:7-10. Chinachitika nchiyani atatha mbadwo umene unaona ntchito za Yehova?

Mbadwo wotsatira sunadziwe Yehova, kapena zimene anachitira Israyeli. Apa pali chenjezo kwa ife. Chithunzi chopanda dzina ndi mwala wopanda yankho. Chifukwa chake ntchito yosunga zikumbutso siyambira pa makina. Imayambira pamkeka, pamapazi a okalamba. Tulutsani sutikesiyo, khalani pansi ndi agogo, azakhali kapena amalume, ndipo pa chinthu chilichonse funsani mafunso anayi: Kodi awa ndani? Kunali kuti? Chinali chaka chiti? Panachitika zotani? Lembani mayankho m'kope, ndipo ngati okalambawo avomera, jambulani mawu awo pafoni pamene akufotokoza. Ngati chaka sakuchikumbuka, musapeke; lembani chimene akukumbuka, monga kuti kunali chaka cha njala ya 1949, kapena dziko lisanalandire ufulu mu 1964.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Kodi m'banja mwanu watsala ndani amene angatchule maina a anthu onse a pazithunzi zakale? Mudzamuyendera liti?

LOLEMBA: Njenjete ndi Dzimbiri

Werengani Mateyu 6:19-21. Kodi Yesu anatchula adani otani a zinthu zosungidwa padziko lapansi?

Ambuye sanali kuphunzitsa za kasungidwe ka mapepala, koma za malo amene mtima uyenera kukhala. Ngakhale zili choncho, mawu ake amanena zoona za chinthu chilichonse chogwirika: chimatha. Pepala ndi chithunzi zili ndi adani odziwika. Chinyontho cha nyengo ya dzinja chimabweretsa chuku ndipo chimamatanitsa zithunzi. Dzuwa ndi kutentha kwa pansi pa malata zimasulutsa mitundu. Nchifukwa chake zithunzi zambiri zamitundu za m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 lero zikuoneka zofiirira. Chiswe, mphemvu ndi makoswe zimadya pepala ndi guluu. Pepala la nyuzipepala limasanduka lachikasu ndi kuthetheka msanga, chifukwa muli asidi amene amalidya pang'onopang'ono.

Adani ena timawaitana ndife tomwe, poganiza kuti tikuchita bwino. Selotepi imauma ndi kusiya banga losachoka. Mapini ndi timawaya tomangira mapepala timachita dzimbiri. Inki ya bolopeni imalowerera mpaka kumaso kwa chithunzi. Kumata satifiketi m'pulasitiki ndi makina otentha kumaoneka ngati kuiteteza, koma kutenthako ndi guluu wake zimaononga pepala, ndipo likamatidwa silingatulutsidwenso bwino.

Choyenera ndi ichi: gwirani zithunzi m'mbali, ndi manja osamba ndi ouma; lembani kumbuyo kwake ndi pensulo yofewa, mosadinikiza; ikani pepala loyera pakati pa chithunzi ndi chinzake; sungani zonse m'bokosi lotsekeka, pamalo okwera, pouma ndi pamthunzi, osati pansi kapena motsamira khoma lonyowa.

Werengani Ezara 2:61-63. Kodi mabanja atatu a ansembe anataya chiyani chifukwa chosowa zolembedwa?

Ana a Habaya, a Hakozi ndi a Barizilai, pobwera kuchokera ku ukapolo wa ku Babulo, anafunafuna maina awo m'buku la mibadwo koma sanawapeze, ndipo anachotsedwa pa unsembe. Lero lino ana amasiye ambiri alandidwa munda kapena nyumba, ndipo amayi amasiye avutika kulandira ndalama za amuna awo, chifukwa pepala limodzi linadyedwa ndi chiswe. Kusamala zolembedwa za banja ndi gawo la udindo wa mdindo wokhulupirika.

Ganizirani: Kodi ndi mapepala ati m'nyumba mwanu amene kutayika kwake kungasautse ana anu inu mutapita?

LACHIWIRI: Makalata Awiri Mumphika wa Dothi

Werengani Yeremiya 32:6-15. Nchifukwa ninji mneneri anagula munda pamene mzinda unali utazingidwa ndi adani?

M'chaka chakhumi cha mfumu Zedekiya, ankhondo a ku Babulo atazinga Yerusalemu, Yeremiya ali wotsekeredwa m'bwalo la alonda, anagula munda wa ku Anatoti kwa mbale wake Hanameli ndi masekeli 17 a siliva. Taonani kusamala kwake. Analemba kalata ya malondawo pamaso pa mboni. Panali kalata yomatidwa ndi chizindikiro, ndi ina yosamata imene munthu akadatha kuiwerenga. Zonse ziwiri anazipereka kwa Baruki, namuuza kuti aziike mumphika wa dothi kuti zikhale nthawi yaitali. Kusunga makalatawo kunali kulalikira kuti ukapolo udzatha, ndipo anthu adzagulanso minda m'dzikomo.

Nzeru ya mphika wa dothi inaoneka poyera m'chaka cha 1947, pamene abusa a ziweto anapeza mipukutu m'mitsuko, m'phanga la ku Qumran pafupi ndi Nyanja Yakufa. Pakati pake panali mpukutu wa Yesaya, wotalika mamita oposa 7, umene unakhala zaka pafupifupi 2,000. Mu 2011 nyumba yosungiramo zakale ya Israel Museum, mothandizana ndi Google, inaika zithunzi za mpukutuwo ndi ina inayi pa intaneti. Tsopano mpukutu weniweniwo umasungidwa mosamala, pamene anthu a m'maiko onse amawerenga chithunzi chake. Imeneyi ndiyo kalata yomatidwa ndi kalata yosamata ya masiku athu.

Banja lililonse lingachite chimodzimodzi. Njira yabwino koposa ndiyo makina a sikana, amene amapezeka m'masitolo ambiri ochitirako fotokope. Pemphani kuti makalata ndi masatifiketi ajambulidwe pa muyeso wa 300 dpi, ndipo zithunzi zing'onozing'ono pa 600 dpi, kuti nkhope zidzaoneke bwino pozikuza. Kumene kulibe sikana, foni yokhala ndi kamera ndi yokwanira, mukatsata izi:

1. Pukutani diso la kamera ndi kansalu kofewa.
2. Jambulani masana, pakhonde kapena pafupi ndi zenera, osati padzuwa lenileni, ndipo zimitsani kuwala kwa kamera kuti chithunzi chisanyezimire.
3. Goneketsani chithunzicho pa nsalu yopanda maluwa, ndipo foni ikhale pamwamba pake molunjika, osapendekeka.
4. Jambulani kumaso ndi kumbuyo komwe, pakuti kumbuyo ndiko kumakhala dzina, chaka kapena chidindo cha wojambula.
5. Chithunzi chimene chamatirira ku galasi kapena ku alubamu musachikanganule. Chijambuleni chili pomwepo.

Mukatha, patsani fayilo iliyonse dzina lomveka, loyamba ndi chaka, kenaka malo ndi chochitikacho, monga "1978 Malamulo ubatizo wa agogo aakazi". Fayilo yongokhala ndi manambala a kamera idzasowetsa mtendere adzukulu anu monga mmene chithunzi chopanda dzina chakusowetserani inu. Mafayilo a mtundu wa JPEG ndi PDF ndiwo amatseguka pa makina ambiri.

Dziwani ichi: kujambula si chilolezo chotaya choyambiriracho. Yeremiya anasunga makalata onse awiri.

LACHITATU: Mpukutu Pamoto

Werengani Yeremiya 36:20-32. Kodi mfumu Yehoyakimu inachita chiyani ndi mpukutu? Nanga uthengawo unapulumuka bwanji?

Yehudi akawerenga zigawo zitatu kapena zinayi, mfumu inkazidula ndi mpeni ndi kuziponya pamoto, kufikira mpukutu wonse unatha. Koma mawuwo sanathe, pakuti sanali pamalo amodzi okha. Yehova analamula mneneri kutenga mpukutu wina, ndipo Baruki analembanso zonse, nawonjezerapo zina zambiri.

Chinthu chokhala pamalo amodzi chili pangozi, ngakhale malowo akhale olimba chotani. M'chaka cha 1919 moto unatentha maofesi a boma ku Zomba, ndipo zolembedwa zambiri za zaka zoyambirira za ulamuliro wa atsamunda zinapsa. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola nyumba ku Blantyre, Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi maboma ena a kummwera. Kuwonjezera pa miyoyo yambiri imene inatayika, mabanja opulumuka anatsala opanda chithunzi ngakhale chimodzi cha okondedwa awo. Madzi akatayika saoleka.

Foni nayonso ndi malo amodzi. Imabedwa, imagwera m'madzi, imafa mwadzidzidzi. Akatswiri osunga zolembedwa amalangiza lamulo losavuta kukumbukira: makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, ndipo kope limodzi likhale kutali ndi nyumba yanu. Mwachitsanzo, kope loyamba likhale pafoni kapena pakompyuta, lachiwiri pa fulashi kapena memori khadi yosungidwa m'bokosi, lachitatu kwa mbale wa kumudzi wina kapena pa intaneti. Potumiza kwa mbale pa WhatsApp, tumizani chithunzicho ngati fayilo, chifukwa mukachitumiza mwa njira ya masiku onse chimachepetsedwa ndipo chimataya kuoneka bwino kwake.

Zipangizo zamakono nazonso zimakalamba, ndipo zina zimakalamba msanga kuposa pepala. Fulashi ndi memori khadi zimafa popanda chenjezo. Ma CD amakalika ndi kuleka kuwerengeka. Makina amasinthanso: kampani yotsiriza yopanga makina oonetsera matepi a VHS, Funai ya ku Japan, inaleka kuwapanga mu 2016. Amene ali ndi tepi ya ukwati, kapena kaseti ya kwaya ya makolo awo, afulumire kuisamutsira pa kompyuta makina oiwerenga asanasoweretu. Ngakhale kusunga pa intaneti kuli ndi malamulo ake. Google imapereka malo aulere okwana 15 GB, koma kuyambira mu Disembala 2023 ili ndi ufulu wofafaniza akaunti imene yakhala zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito.

Chotero sankhani tsiku limodzi pachaka lotsegula makope onse, kuona ngati akadali bwino, ndi kuwasamutsira pa chipangizo chatsopano pakafunika. Ndipo mawu achinsinsi otsegulira foni ndi akaunti adziwike kwa munthu mmodzi wokhulupirika m'banja. Zithunzi zambiri zatsekeredwa m'mafoni a anthu amene anamwalira osauza munthu aliyense.

Kodi m'banja mwanu Baruki ndani? Kodi achinyamata odziwa makinawa mwawapatsa mbali pa ntchitoyi?

LACHINAYI: Pamene Chikumbutso Chisanduka Fano

Werengani Numeri 21:4-9 ndi 2 Mafumu 18:1-4. Nchifukwa ninji Hezekiya anaphwanya chinthu chimene Mose anapanga molamulidwa ndi Mulungu?

Njoka yamkuwa inasungidwa zaka mazana ambiri. Inayenera kukumbutsa Israyeli za Mulungu amene anachiritsa olumidwa m'chipululu, koma m'kupita kwa nthawi anthu anayamba kuifukizira zonunkhira. Chikumbutso chinalanda malo a Iye amene chinayenera kumuloza. Hezekiya anaiphwanya, ndipo Malemba amamuyamikira monga mfumu yochita zolungama.

Pali njira zitatu zimene chikumbutso cha banja chingasokerere. Yoyamba ndiyo kuchiyesa chopatulika, ngati kuti chithunzi kapena chovala cha womwalira chili ndi mphamvu yoteteza kapena yolankhula nafe. Mlaliki 9:5, 6 amaphunzitsa kuti akufa sadziwa kanthu. Akupumula kufikira tsiku la kuuka. Timasunga zithunzi zawo chifukwa cha chikondi ndi chiyamiko, osati kuti tiyankhulane nawo.

Yachiwiri ndiyo umbombo. Maliro akatha, abale ena amakanganirana alubamu kapena Baibulo la mayi, ndipo wolitenga amalibisa kwa anzake. Apa makina atichitira chifundo: choyambiriracho chingakhale ndi mmodzi amene banja lagwirizana, pamene ana onse, ngakhale a ku Johannesburg, ku Harare kapena ku London, alandira kope lofanana.

Yachitatu ndiyo kusasamala za ulemu wa ena. Si zonse za m'sutikesi zimene ziyenera kuikidwa pa Facebook. Makalata a chinsinsi, mapepala a kuchipatala, ziphaso ndi makalata a malo zisungidwe m'banja, pakuti akuba amagwiritsa ntchito maina ndi manambala a pa mapepala otere pobera anthu. Funsani chilolezo kwa amoyo musanafalitse zithunzi zawo. Ndiponso pewani kusintha chithunzi chakale mpaka chinene zimene sizinachitike. Mukafuna kuchikongoletsa ndi makina, sungani kope losasinthidwa. Mboni iyenera kunena zoona.

Werengani Masalmo 78:1-8 ndi 2 Timoteo 1:5. Kodi cholinga chenicheni chofotokozera ana zakale nchiyani?

Wamasalmo akutchula mibadwo yotsatizana, kufikira ana osabadwa, ndipo cholinga chake ndi chakuti iwo aike chiyembekezo chawo mwa Mulungu. Paulo anaona mwa Timoteo chikhulupiriro chimene chinayamba mwa agogo ake a Loisi ndi amayi ake a Yunike. Chithunzi cha ubatizo wa agogo chimene chili pa fulashi, koma ana sanachione, chikadali mwala wosalankhula. Chitulutseni pa nthawi ya mapemphero a banja, potsegulira kapena potsekera Sabata, ndipo fotokozani mtunda umene agogowo ankayenda wapansi popita ku msonkhano wa misasa, ntchito imene anaitaya chifukwa cha Sabata, ndi mapemphero amene Mulungu anawayankha.

LACHISANU: Kuphunzira Moonjezera

Werengani Eksodo 16:32-34, 1 Samueli 7:12 ndi Malaki 3:16-18.

Mulungu amadziwa kuti munthu saachedwa kuiwala. Nchifukwa chake analamula kuti muyeso umodzi wa mana usungidwe mumphika chifukwa cha mibadwo yam'tsogolo. Samueli anaimika mwala nautcha Ebenezeri, ndiko kuti mwala wa thandizo. Sabata linaikidwa kukhala chikumbutso cha chilengedwe, ndi Mgonero kukhala chikumbutso cha imfa ya Ambuye. Zikumbutso za mabanja athu sizifanana ndi zimenezi pa kupatulika, koma zikasamalidwa bwino zimatumikira cholinga chofanana: kuti ana adziwe kumene Yehova anatichotsa.

Pali abale ena amene alibe chotsala chilichonse. Moto, madzi, nkhondo kapena umphawi zinawalanda zonse. Iwo asataye mtima. Malaki akunena za buku la chikumbutso limene limalembedwa pamaso pa Yehova chifukwa cha iwo akumuopa. Bukulo silifikiridwa ndi chiswe, ndipo mulibe nkhope yopanda dzina. Komabe ngakhale iwo angayambe lero: alembe zimene akukumbuka, ajambule mawu a okalamba amene atsala, ndipo afunse kwa abale ndi anansi ngati ali ndi zithunzi za makolo awo.

Mafunso Okambirana:

1. Mpingo wanu uli ndi mabuku a maina a mamembala, a ubatizo ndi a misonkhano ya bodi. Kodi amasungidwa pati? Nanga nyumba ya mlembi wa mpingo itapsa usiku uno, chingatsale nchiyani?

2. Mutu umodzi susenza denga. Kodi a Dorika, achinyamata ndi a Pathfinder angagwirizane bwanji kuti athandize okalamba ndi amayi amasiye kujambula mapepala awo ofunika?

3. Tingasiyanitse bwanji kulemekeza makolo amene anagona ndi kuwapembedza? Kodi malire ake ali pati?

4. M'mbiri ya banja lililonse muli zinthu zochititsa manyazi. Baibulo silinabise zolakwa za Abrahamu, Davide ndi Petro. Kodi tiuze ana athu zotani, pa msinkhu uti, ndiponso ndi mzimu wotani?

Mwachidule: Funsani okalamba akadali moyo. Tetezani mapepala ku chinyontho, dzuwa ndi chiswe. Jambulani kumaso ndi kumbuyo, ndipo patsani fayilo iliyonse dzina. Sungani makope atatu, limodzi likhale kutali, ndipo muziwaona chaka ndi chaka. Koposa zonse, onetsani ana zikumbutsozo ndi kuwauza zimene Mulungu anachita, kuti iwonso adzakhale ndi choyankha pamene ana awo adzafunsa.